Mwana Wina pa Dzina la Awetu

Ndinaganiza zochoka ku Lichinga m'nyengo yozizira, bambo a Awetu atapita kokumba golide osatumizanso mawu. Ndinkagulitsa nyemba pakhomo ku Assumane, mu Lichinga momwemo, koma nyemba kuno aliyense ali nazo. Mnzanga wina anandiuza kuti ku Nampula kuli dona wofuna wolera mwana. Mwana wanga Awetu anali atamaliza kalasi yoyamba. Ndinamusiya kwa achimwene anga ndi akazi awo, alamu a Fatima, amene ali ndi mwana wamsinkhu wake, dzina lake Saida.

Chimene chinandilimbitsa mtima sichinali chibale ayi, inali sukulu. Chaka chimenecho Awetu atagona ndi malungo, aphunzitsi ake anabwera okha pakhomo, nsapato zili mbuu ndi fumbi lofiira, atanyamula pepala loti ndisaine. Anadandaula kuti mapepala akuwatha, kuti m'mawa uliwonse ayenera kuitana mayina, ndipo mwana akajomba ayenera kumulondola kwawo ndi kulemba chifukwa chake. Ine ndinawamvera chisoni, koma mumtima ndinati basi, mwana wanga akasowa alipo womufuna.

Ku Nampula kunali kutentha koti sindinakuzolowere. Chimakuwa sindinkamva, Chipwitikizi changa chinali cha kumsika. Ndinkagona m'kachipinda kakuseri kwa khitchini. M'mawa ndinkamuveka yunifolomu mwana wa dona, kumumanga zingwe za nsapato, kumuperekeza mpaka pageti la sukulu. Pobwerera ndinkayenda pang'onopang'ono kuti ndimve ana akuimba, ndikuganiza kuti ndi nthawi yomweyi Awetu wanga akuimbanso kumtunda kuja, milomo itang'ambika ndi mphepo.

Ndalama ndinkatumiza pafoni mwezi uliwonse, yambiri ndithu mwa imene ndinkalandira. Ndinatumizanso yunifolomu ndi juzi la buluu kudzera kwa dalaivala wa basi. Alamu ankandiyankha ndi zithunzi: Awetu ali chilili pachitseko atavala juzi lija, manja ali m'mbali ngati msilikali. Ndikamuimbira ankangoti ali bwino. Ndikafunsa za sukulu ankati zili bwino, kenaka foni inkabwerera kwa alamu, amene ankandiuza kuti wakhoza, wapita kalasi yachitatu, kenaka yachinayi. Ndinkati mwanayu watengera bambo ake kusayankhula. Lero ndikamaona zithunzi zija ndimaona kuti nsapato zinali zosaponda fumbi, ndipo chikwama sananyamulepo.

Ndinabwerera patatha zaka ziwiri ndi miyezi, dona atandipatsa tchuthi. Sindinauze munthu. Ndinatsika sitima ku Cuamba, ndinakwera kaminibasi kaja timati shapa, ndipo m'mawa mwake ndinalunjika kusukulu ndi katundu yense, kuti mwana andione anzake akuona.

Aphunzitsi akale aja anali atasamutsidwa. M'kalasi ndinapeza mayi wachitsikana, ana atadzaza mpaka pansi pa bolodi. Ndinapereka moni, ndinatchula dzina. Iwo anayang'ana m'kalasi monse, kenaka anafunsa ana kuti Awetu ndani.

Kumbuyo kunaimirira Saida, atavala juzi la buluu.

Sanandiyang'ane. Ana ena anayamba kunong'ona kuti amayi ake a Awetu abwera, ndipo wina anamukankha kuti athamange akandikumbatire. Iye anangoima, akupotokola mpendero wa juzi.

Awetu ndinakamupeza kumsika wa Chiuaula, atakhala kuseri kwa milu ya mbatatesi, kumsana atabereka khanda la alamu. Anali atatalika. Atandiona anayamba wapereka chenji kwa wogula, ndiye n'kudzuka.

Alamu sanakane. Anati Saida anabadwira kunyanja, alibe pepala lobadwira, ndiye kusukulu anamukana. Khanda litabadwa panafunika wothandiza pakhomo, ndipo malo a Awetu m'kalasi akanangokhala chabe. Anaganiza kuti zikhala za mwezi umodzi. "Alamu, tinkadikira kuti aphunzitsi abwera kudzafunsa, tisiye. Sanabwere." Achimwene anga anali pakhonde akukonza wailesi, ndipo sanadzutse mutu.

Tsiku lotsatira ndinapitanso kusukulu nditakonzeka kukalipa, koma aphunzitsi aja anandikhazika pampando wawo. Anandifotokozera kuti panabwera lamulo lochepetsa mapepala. Zoitana mayina tsiku lililonse zinatha, zolondola mwana kwawo ndi kulemba chifukwa zinathanso. Tsopano amangowerenga mitu n'kutumiza nambala pafoni. Chaka chimene lamulolo linabwera ndi chimenenso kalasiyo inalandira mphunzitsi watsopano, ndipo mitu inkakwana.

"Mama, sindikunamizani, mapepala aja sindikuwafunanso," anatero. "Loweruka lonse linkathera pomwepo, wanga mwana akulira pamwendo. Panopa ndimaphunzitsa. Koma wanuyu sindinamuonepo nkhope."

Ndinasowa pomugwira. Nanenso ndine mayi, ndipo kalasi ija ndinaiona ndi maso anga.

Ndinapempha kuti Awetu abwerere kalasi yachiwiri, pamene anasiyira. Akulu a sukulu anati n'zovuta, chifukwa kuboma Awetu ndi mwana wakhama, sanajombepo, ndipo masamu amakhoza bwino. Kumubweza kukanafuna kulemba nkhani yonse, ndipo pepala lolembapo zotere kulibenso. Anati akhale m'kalasi yachinayi momwemo, aona pakutha pa chaka. Za Saida anati adikire mpaka makolo ake apeze pepala lobadwira.

Madzulo ake Saida anavula juzi, analipinda bwinobwino n'kulipereka kwa Awetu pamodzi ndi makope. Sanalire pamaso pathu. Ndinamumva kuseri kwa bafa. Mwana amene uja anakhala zaka ziwiri akuyankha dzina la mnzake, ndipo anaphunzira ndi mtima wonse. Sindinathe kumuda, ngakhale ndinayesa.

Dona anaimba foni kawiri, kachitatu anandiuza kuti wapeza wina. Ndinabwereka kachipinda ku Assumane komweko, ndipo ndinayambiranso nyemba. Masana Saida amabwera kwathu, amakhala pamkeka ndi Awetu kumuonetsa zilembo. Ine ndimasankha nyemba pambali, ndikumvetsera. Nthawi zina ndikaitana dzina la mwana wanga amatembenuka onse awiri.

Ndili ku Nampula ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene munthu sungasowe osadziwika. Anansi onse ankamuona Awetu kumsika, ena ankagula mbatatesi kwa iye. Aliyense ankati nkhani ya mwana wasukulu eni ake ndi aphunzitsi, ndipo aphunzitsi anali atauzidwa kuti apume.

Tsiku loyamba kubwerera m'kalasi ndinamuperekeza Awetu. Kunali nkhungu, mitengo ya paini ikudontha madzi. Titayandikira geti anaima, anandigwira chitenje.

"Amama, anzanga akandifunsa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi, ndinene chiyani?"

Ndinamuuza kuti anene zoona, palibe chimene analakwa. Anayenda akubwereza chamumtima, milomo ikugwedezeka, mpaka analowa.

Masana ndinamudikira pageti pomwepo. Anatuluka yekha, kumbuyo kwa anzake onse. Ndinamufunsa kuti wawayankha bwanji.

"Palibe anafunsa," anatero.