Mpira Wofiira wa Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kuwodzera pa mkeka wa m'siwa kungatchedwe kugona. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, ndipo panja chiperoni chinali chitakuta minda ya tiyi yonse ya kumunsi kwa Nchilamwela. Ndinalowa kuchipinda kwa bambo kukatenga jekete loti tiwaveke. Pamwamba pa wayilesi, pamene pankakhala mpira wawo wofiira wa kiriketi kuyambira ndili mwana, panalibe kanthu.

Bambo ankasamalira bwalo la kiriketi la kukalabu ya pa esiteti, ndipo ali mnyamata ndiwo ankaponyera mabwana mpira pokonzekera masewera. Masewera a masiku asanu aja amati testi ankawaonera pa TV ya kukalabu ataima pawindo, ndiye chinakhala chipembedzo chawo chachiwiri. Wokhulupirira mnzawo anali mmodzi yekha, mkulu wina wachisilamu wa ku Bvumbwe, dalaivala wa lole, amene ankabwera Lamlungu lililonse kudzakangana nawo. Bambo ankati oponya mwaliwiro enieni ndi ataliatali a ku West Indies, amene mpira wawo unkadumpha kufuna nthiti za munthu. Adalaivala ankati kuopseza si luso, luso ndi la a ku Pakistan, opinda mpira wakale m'mwamba ngati nthochi. Ine zinkanditopetsa. Anthu akuluakulu kutuluka thovu chifukwa cha anthu oti sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Thyolo!

Lamlungu lomaliza anakangana kuposa kale, mpaka oyandikana nawo nyumba anamva za kuthyola nthiti ndi kuswa mutu. Lachiwiri bambo anagwa akupalira. A kuchipatala anati ndi BP, koma pamudzi BP siipha munthu yokha.

Kutayera, moto wa ophika unali kufuka kwambiri chifukwa nkhuni zinanyowa. Anthu anayamba kufika: othyola tiyi atavala mapepala a pulasitiki, achibale a ku Kapichi akulira m'Chilomwe kuyambira kumseu. Adalaivala anafika okha, nakhala patali pansi pa mtengo wa mapeyala. Palibe anawapatsa moni. Ndinawayang'anitsitsa, ndipo ndinaona akutulutsa mpira wathu m'thumba, kuupaka malovu mbali imodzi, n'kumaukhutiza pa thalauzi pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anaonanso. Anandikokera kuseri kwa khitchini.

“Waona chithumwa chija? Iwe ndiwe woyamba kubadwa. Ungonena, anyamata amutulutse asanafike kumanda.”

Ndinati adikire. Sikuti ndinkawakhulupirira adalaivalawo, ayi. Ndinkafuna kuwagwira ndi maso anga, anthu onse akuona.

Ulaliki unatalika monga mwa masiku onse. Tinanyamuka mvula yawaza ikadalipo, bokosi patsogolo, ife tikutsetsereka m'kanjira ka matope ofiira pakati pa mizere ya tiyi. Ndinkacheuka pafupipafupi. Iwo anali kumapeto kwenikweni, dzanja lili m'thumba.

Bokosi litatsitsidwa, abusa asanatseke buku, adalaivala anabwera mpaka pamphepete pa dzenje. Kenaka anatembenuka, nayenda motalikitsa miyendo kuchoka pamanda, nakanda mzere pansi ndi chidendene. Adzukulu, okumba manda aja, anagwira makasu awo. Bambo aang'ono anandiyang'ana. Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndinene.

Ndiye mkuluyo anayamba kuthamanga, ngati kunali kuthamanga. Phewa lamanzere linali lotsika, mutu wopendekeka, ndipo pafupi ndi dzenje anadumpha kamodzi n'kuzunguza mkono, mpira osausiya. Kathamangidwe kameneko kanali ka bambo, ndi mmene ankatithamangitsira tikaba nzimbe. Gogo wina wothyola tiyi anaseka mokweza, kenaka kusekako kunasanduka kulira.

Adalaivala anaimika chala chawo chokhota, akupuma wefuwefu.

“Ichi anandithyola ndi ameneyu, tili anyamata. A West Indies ndi a Pakistan ndinangowaona pa TV. Amene ndinamuopa ine ndi uyu wagona apayu.”

Makasu anatsika. Ine manyazi anandigwira, koma mkwiyo unali usanathe, choncho anthu akubalalika ndinawatsata n'kuwafunsa mmene mpira wa m'nyumba mwathu unapezekera m'thumba mwawo.

“Anandigenda nawo Lamlungu, mwanangu,” anatero. “Akuti ndidzabweze tsiku limene ndidzavomere kuti a West Indies ndiye number one.”

Anautambasula kwa ine, mbali imodzi ikuwala, inayo yokhakhala, monga ankanenera kuti a ku Pakistan amaukonzera kuti upinde. Ndinatambasula dzanja langa, koma zala zawo sizinamasuke.

“Vuto ndi loti sindinavomere, mayi. Ndikabweza ndiye kuti nkhani yatha.”

Ndinabweza dzanja langa, ndipo anakwera njira ya kumseu mpira uli m'thumba. Bambo aang'ono mpaka lero amati ndinapusitsidwa.

Madzulo anthu a ku Kapichi atapita, nyumba inangoti zii, kupatula madontho a padenga. Ndinasanjikiza mipando, ndinakolopa matope pakhonde. Mipando iwiri yansungwi imene ankakhalapo pokangana ndinaisiya pomwepo, yoyang'anizana, chifukwa ndinali nditawauza adalaivala kuti Lamlungu abwere. Za kiriketi sindidziwa kanthu, koma ndine mwana wa bambo anga, ndipo a West Indies akufunika wowaimira.