Mano Atatu a Mayi Filomena

Mayi Filomena anabwerera ku Entre Lagos mu 1994, atakhala zaka zisanu ndi ziwiri kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Anabwera ndi ana awiri, chiwaya chokazingira mandasi, ndi kabowo padzino lotafunira. Namwino wa kukampu anali atawauza kuti akalimatitse msanga, koma mtendere utamveka, za dzino zinaiwalika.

Anayamba kugulitsa mandasi pasiteshoni ya komboyo, sitima ya pamtunda. Pafupi nawo panali baraka, kasitolo ka a Benedito, bambo wa pakamwa pozuna amene ankapikula katundu ku Limbe. Tsiku lina anawaona mayiwo atagwira tsaya.

"Mlongo, musavutike n'kupita kuchipatala ku Cuamba," anatero akutulutsa botolo la madzi obiriwira. "Muli fuloraidi umu. Muzichukucha m'mawa ndi madzulo, bowolo litsekeka lokha."

Mayi Filomena anachukucha miyezi isanu. Bowo linkangokula, a Benedito n'kumati mankhwala akulimbana ndi nyongolotsi ya m'dzino. Kenaka tsaya linatupa mpaka diso kutsekeka. Anakwera komboyo ali ndi malungo.

Ku Cuamba anawachotsa mano atatu. Dotolo ataona botolo anapukusa mutu.

"Madzi awa si oipa, mayi. Amalimbitsa dzino lisanabooke. Koma likabooka, mpaka limatidwe basi. Mukanabwera poyamba paja, tikanangomata limodzi."

Atabwerera anapita kubaraka kukafotokoza zimenezi. A Benedito anaseka chikhakhali n'kunena kuti mwina sankachukucha bwino. Ali chiyasamire choncho, mayi Filomena anaona kachitsulo kakunyezimira padzino lawo la mkati. Munthuyo lake anakamatitsa.

Mayi Filomena sanatukwane. Mano atatu aja anali atabwera nawo, ndipo anawaika m'kabokosi ka machesi. Anasuntha chiwaya n'kuchiika pakhomo penipeni pa baraka. Komboyo ikafika, munthu akangoloza botolo, iwo ankatsegula kabokosi.

"Musanagule, onani kaye. Mukatha muwauze bambowa ayasame."

Anthu anasiya kugula mabotolo. Posakhalitsa anasiyanso sopo ndi shuga wa pamenepo, chifukwa ndani angafune kuonetsedwa mano owola pogula shuga? A Benedito anayesa kuwathamangitsa, koma mayiwo anati bwalo la siteshoni si la munthu.

A Samueli, mkulu wa mpingo wawo, anawayendera kunyumba.

"Mayi, anthu akukhululukirana za mfuti. Amene anatentha midzi tikupemphera nawo. Inu mukanike pa dzino?"

"Amene ananditenthera nyumba sankandidziwa," anayankha. "Awa ankadya mandasi anga n'kumanditcha mlongo, akuona tsaya langa likutupa."

Chaka chisanathe, a Benedito anatseka baraka n'kusamukira kunyanja ya Amaramba. Mayi Filomena sanakhutire. Anadikira a Masudi, amene ankabweretsa nsomba panjinga kuchokera kunyanjako, n'kuwapatsira kabokosi kaja.

"Mukakaona botolo pamsika, mukatsegule. Mukanene kuti ndi a Filomena wa kusiteshoni."

A Masudi anakachitadi, kawiri konse. Pambuyo pake kunamveka kuti a Benedito asiya malonda, akulima chinangwa.

Mkazi wa a Benedito anabwera tsiku lina ndi nkhuku kudzapepesa. Mayi Filomena anamupatsa mpando, anamufunsa za ana, anamuninkha mandasi awiri a panjira. Nkhukuyo anamuuza kuti abwerere nayo.

"Nyama imafuna mano," anatero. "Akabwera eni ake n'kuyasama pamaso pa anthu pasiteshoni, tidzakambirana."

A Benedito sanabwere.