Tsiku Limene Tinakwera Linga la ku Dudley

Jasi la mvula lija linali lachikasu ngati dzungu lakupsa, ndipo linkanunkha kabati ya munthu wina. Anandigulira mu shopu ya zovala zakale ku Cape Hill, sabata yoyamba nditafika ku England. Manja ake anali aatali moti ankachita kundipindira kawiri, ndipo zipi yake inkakanirira pamimba. Ndiye tikamatuluka ankagwada pansi pakhomo kuti anditsekere. Munthu wamkulu, nesi wa chipatala chachikulu, kugwadira mwana wa zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndinkachita manyazi, n'kumayang'ana kudenga.

Ndinkawatchula kuti anti. Pano ndiziti amayi, chifukwa ndi amene anandibereka, ngakhale kuti nthawi imeneyo sindinkadziwa. Anatenga mimba yanga ali pa sukulu ya unamwino, ndipo masiku amenewo mtsikana akapezeka ndi pakati ankamubweza kwawo, sukulu n'kuthera pomwepo. Iwo anaimanga mimbayo ndi chitenje mpaka tchuthi, kenako anatumiza uthenga kusukulu kuti adwala. Nditabadwa, amalume anagamula kuti ndikhale mwana wa amayi aakulu, achemwali awo a amayi. Anandilembetsa choncho kusikelo, kutchalitchi, kusukulu, mpaka mu pasipoti momwe. Ndinakulira ku Dedza ndikudziwa kuti ndili ndi anti okoma mtima kunja, amene amatumiza nsapato.

Chaka chimenecho anandiitanitsa kuti ndikacheze. Ankakhala ku Smethwick, m'nyumba yopanikizika pakati pa zinzake, yokhala ndi kapeti mpaka pamasitepe. Munali amuna awo, amene ndinkawati ankolo, ndi mwana wawo Joshua wa zaka zinayi. Joshua ukamulankhula Chichewa ankamva bwinobwino koma kuyankha kwake kunali kwa Chingerezi basi. Ankolo anali mkulu wa mpingo. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Ndi amene anandiphunzitsa kudina kabatani n'kudikira kamunthu kobiriwira ndisanawoloke msewu, ndipo Lachisanu lililonse ankabwera ndi tchipisi cha m'pepala chonunkha viniga. Koma anakwatira akudziwa kuti mkazi wawo sanaberekepo.

Dzuwa la kumeneko linkandisokoneza. Tinkadya chakudya chamadzulo kunja kukadali mbee, ndipo ndinkakana kukagona poganiza kuti akundinamiza. Amayi akachoka ku shifti ankabwera atatupa mapazi, akununkha sopo wa kuchipatala. Ankakhala pamphepete pa bedi langa osavula ndi nsapato zomwe, n'kumandifunsa zinthu zazing'onozing'ono. Ndadya chiyani. Chipsera cha pabondochi ndinachita nacho bwanji. Dzino loyamba linaguluka ndili ndi zaka zingati. Ine ndinkadabwa kuti anti amenewa mafunso awachulukira bwanji.

Tsiku lina anandidutsitsa pa sukulu ina ya mpanda wachitsulo wobiriwira. Anati, "Ukufuna kumaphunzira pano Seputembala?" Ine ndinangogwira chitsulocho. Anati, "Ndikonza. Iwe uzingopemphera." Ndipo ndinapempheradi, abale anga. Sindinapempherepo chinthu china ngati mmene ndinapempherera chimenechi, ngakhale pano ndili ndi ana anga. Zimene sindinkadziwa n'zakuti odziwa za mapepala anali atawauza kale kuti mwana wa mchemwali sangatsale, viza ikatha azipita. Zikanatheka akanakhala mwana wawo wobereka okha. Choncho kuti ine nditsale, ankayenera kuyamba awauza ankolo zoona. Ankati anena sabata ino, sabata n'kutha. Ankati ikubwerayi, nayonso n'kutha.

Mu Ogasiti amayi a kutchalitchi anakonza zoti Loweruka lina tikaone linga lakale la ku Dudley. Tinakwera basi tilipo anthu ambiri ndithu, titanyamula mpunga, nkhuku yokazinga ndi mandasi m'zigubu zakale za ayisikilimu. Kunkawaza kamvula kosanyowetsa nthaka koma kolowa m'mafupa. Titatsika ndinaliona lili pamwamba pa phiri, lotuwa, ngati dzino lobooka.

M'munsi mwa phirilo amasungamo nyama. Inu, ine mwana wa ku Malawi, mkango woyamba ndinakauonera ku England. Unagona kuseri kwa galasi, osatiyang'ana n'komwe. Bambo wina wa ku Zambia, wanthabwala kwambiri, anandiitana nati, "Tadala, apatse moni abale ako, anabwera kale awa, mapepala awo ali bwino." Anthu anaseka mpaka kugwirana. Amayi anasekako pang'ono, kenako anandikoka dzanja.

Tinakwera phiri lija pang'onopang'ono, amayi achikulire akupumira m'njira. Titalowa pa chipata chamiyala ndinakhumudwa. Ndinkayembekeza mipando yagolide. Koma munali makoma okhaokha opanda denga, mawindo opanda magalasi, udzu utamera pamene panali zipinda. Malo ena anali akuda ngati panapsa moto. Ndinafunsa mokweza kuti, "Nanga eni ake bwanji osafolera?" Bambo wa ku Zambia uja anati, "Mwana wanga, kuno bwinja amalisesa n'kuitana alendo. Kwathu timalilambalala poopa mizimu." Azungu anali yakaliyakali ndi makamera, ana awo akuthamanga ndi malupanga apulasitiki, Joshua nayenso akulirira lake.

Panali nsanja yaitali imene anthu ankakwera. Ankolo anatsala pansi ndi Joshua, tinakwera awiri. Masitepe ake anali ozungulira, opapatiza, miyala yake itadyeka pakati chifukwa cha mapazi a anthu amene anafa kalekale. Munali mdima ndi fungo la chinyontho. Amayi anali pambuyo panga, dzanja lawo lili pamsana panga, ndipo ankangoti, "Ndili pano. Ponda. Ndili pano." Kutentha kwa dzanja limenelo ndimakumvabe pamsana pano ndikadwala.

Pamwamba mphepo inali yoti n'kukugwetsa. Koma dziko lonse linali pansi pathu, madenga ofiira osatha, mabasi ngati nyerere, nyumba zazitali za ku Birmingham zikuoneka patali mu utsi. Anandilozera mbali imene kunali chipatala chawo, ndi mbali ya kwathu. Anandifungatira chakumbuyo, chibwano chawo chili pamutu panga, n'kunena kuti, "Mawa tikachoka kutchalitchi ndikamba nawo ankolo ako nkhani yako. Ndatopa." Ine ndinamva ngati akunena za kutopa kwa masitepe.

Tsiku limodzi lokha, Ambuye. Ndimati ndikafika pamenepa popemphera, mawu amandithera.

Titatsika tinapeza amayi ena atayala zitenje pa kapinga pakati pa linga, akugawa chakudya. Nthawi yomweyo panalowa gulu lina la anzathu ochokera ku Wolverhampton, amene tinapangana kuti tikumana komweko. Pakati pawo panali mayi wina wonenepa, woseka kwambiri, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi kudzayamba ntchito. Ataona amayi anaponya chikwama pansi, n'kuimba nthungululu moti azungu onse anacheuka.

"Amake Tadala! Ine ine ine! Amake Tadala, ndiwe kodi?"

Kwathu mkazi akabereka, dzina lake limagona. Timamutchula ndi dzina la mwana wake woyamba, ndipo ndi ulemu waukulu. Mpingo wonse uja unkawadziwa amayi kuti Amake Joshua. Koma mayi ameneyu ndi amene ankagona nawo chipinda chimodzi pa sukulu ya unamwino ija. Ndi amene ankawathandiza kumanga chitenje m'mawa uliwonse. Kuyambira nthawi imeneyo, akakhala awiriwiri, ankawapatsa ulemu umene wina aliyense anawamana. Ndiye atandiona ine nditaima pambali pawo, anaganiza kuti zonse zinaululika kale.

Anandigwira masaya ndi manja onse awiri. Ankanunkha pefyumu ndi mafuta a tsitsi. Anati, "Ameneyu ndiye uja ankatimenya mateche m'kalasi? Taonani mphumi, kuchita kulavula! Mulungu ndi wamkulu, mnzanga, wamutenga mwana wako."

Ndikukumbukira supuni ikugunda chigubu, kenako n'kusiya. Ndikukumbukira mbalame zakuda zikulira pamwamba pa khoma. Ankolo anali atanyamula mbale yapepala, mpunga ukutsetsereka n'kumagwera pa nsapato yawo, iwo osaona. Anafunsa motsitsa mawu, ngati akufunsa nthawi, "Amake Joshua, akuti chiyani awa?"

Amayi anandiyang'ana. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Anayang'ana amayi a mpingo atakhala pa zitenje, anayang'ana Joshua, n'kubwereranso kwa ine. Ndiye anati, "Asokoneza awa. Ndi mwana wa achemwali."

Mayi uja anagwira pakamwa. Kenako anaseka kuseka kouma, nati, "Ndakalamba ine, ndege yandizunguza mutu." Bambo wa ku Zambia anayesa kuponyapo nthabwala koma palibe anailandira. Tinadya. Nkhuku inali itazizira, mafuta ake atagwirana. Ine ndinadya bwino ndithu, mandasi atatu, chifukwa kwa ine inali nkhani ya munthu wosokoneza mayina basi. Pobwerera ankolo anakhala mpando wakutsogolo okha, Joshua ali pamiyendo.

Mawa lake kutchalitchi sitinapite. Tchipisi cha Lachisanu chinasiya kubwera. Ankolo sanandikalipirepo, ankangondidutsa ngati ndine mpando. M'nyumba munabwera akuluakulu awiri a mpingo, anatsekera pabalaza, ine n'kuuzidwa kuti ndikasewere ndi Joshua m'mwamba. Ndinkamva mawu a amuna okhaokha, kenako nyimbo imodzi, kenako chitseko. Ndinadzamva nditakula kuti amayi anaulula zonse tsiku limenelo, koma kuulula kwa munthu wogwidwa sikufanana ndi kwa wobwera yekha. Ankolo anati akhululuka, banja lisathe, koma mwanayo azipita ndipo nkhaniyi isadzatchulidwenso. Tikiti yanga anaisintha kuti ndibwerere kwathu msanga, kudakali miyezi itatu.

Ine ndinadzifufuza ndekha kuti ndalakwa chiyani. Ndinaganiza kuti ndi mandasi atatu aja. Ndinaganiza kuti mwina ndinawachititsa manyazi pofunsa zofolera pamaso pa azungu. Ndinayamba kutsuka mbale ndisanatumidwe, kudya pang'ono, kuyenda monyang'ama pamasitepe. Ndinamuuza Mulungu kuti akandisiya nditsale sindidzapemphanso kanthu. Tinkadutsa pa mpanda wobiriwira uja popita kokagula zinthu, amayi n'kumafulumiza mapazi.

Sindiwaweruza. Ndine mayi tsopano, wa ana anayi, ndimagulitsa mbatata ndi tomato pamsewu, ndipo ndikudziwa kuti mantha amatha kumanga pakamwa pa munthu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, amayi aakulu atayamba kudwala, poti panalibe wina wowasamala. Ndi iwowo amene anandiuza zoona, atatsala masiku ochepa. Ndimathokoza Mulungu kuti anandipatsa amayi awiri pamene ena alibe ndi mmodzi yemwe. Koma ndinganame nditati bala linapola. Amayi anapitiriza kutumiza katundu zaka zonse, ndipo pafoni tinkakamba za mvula ndi za ana. Ndinkadikira kuti ayambe iwo, kaya nawonso ankadikira ine. Anamwalira komweko ku England, anaikidwa komweko. Sindinawatchulepo amayi ndi pakamwa panga iwo akumva.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza okha ku bwalo la ndege. Anandipatsa kwa mayi wa yunifolomu amene ankayenera kundiyang'anira m'njira, ndipo anandikoleka kachikwama ka mapepala m'khosi. Titafika pamene operekeza amalekezera, anapempha mayiyo kuti adikire pang'ono. Ananditengera pambali, pafupi ndi khoma, n'kundigwira mapewa mwamphamvu mpaka kuwawa. Maso awo anali ofiira.

Anati, "Tadala, tandiyang'ana bwinobwino. Amayi ako ndani?"

Ine ndinaganiza kuti akundiyesa, kuti ndisakalakwitse akandifunsa apolisi a m'njira. Ndinaima chilili ngati m'kalasi. Ndinatchula dzina la amayi aakulu, lonse lathunthu, ndi mudzi, ndi mfumu, ndi boma, osaphonya ngakhale pamodzi.

Kenako anandisisita tsaya ndi chala, nati, "Wakhoza, mwana wanga."

Ndinalowa pachipata paja ndikudzimva kuti ndayankha bwino. Nditacheuka ndinawaona atakhala pansi penipeni, pa simenti, anthu a masutikesi akuwalambalala. Ndinadabwa kuti munthu angalire bwanji chonchija mwana atakhoza.