Mahedifoni Achisanu ndi Chiwiri a Bambo Zuze

Ku Kanjedza kuli munthu wodzitama ndi makutu. Ena amadzitama ndi galimoto, ena ndi ana ophunzira, koma a Macdonald Zuze chuma chawo chonse amati chili m'mbali mwa mutu. Agogo awo anachokera ku Mozambiki ndi khasu paphewa, bambo awo anali telala pakhonde la sitolo mu Limbe, iwo n'kudzakhala woika nyimbo m'maukwati. Kwa zaka makumi awiri, Loweruka lililonse, akhala akunyamula masipika aatali ngati zitseko kupita nawo ku holo, n'kumavinitsa anthu pa perekaniperekani mpaka mkwatibwi atatupa mapazi.

Ntchitoyo ankaidziwa, tisawanamizire. Chotopetsa chinali pakamwa. Ukangowapatsa moni ankakuuza kuti nyimbo za mu minibasi ndi matope okhaokha, kuti m'kwaya ya kutchalitchi muli mayi wina amene amatsalira, ndiponso kuti enafe makutu athu ndi okolowekapo magalasi basi. Ngakhale mwana wawo Vanessa sanapulumuke. Atakhoza mayeso a sitandade eyiti, a Zuze anakwiya sabata yathunthu, ati mwana wamwano, nkhani yotere bambo wake kukaimvera kwa aneba.

Matenda awo anali mahedifoni. Pakhoma la pabalaza panali misomali isanu ndi umodzi, uliwonse utanyamula ake. Onsewo analowa m'nyumbamo ndi nthungululu, ndipo onsewo, pakapita miyezi, ankapezeka ndi mlandu umodzimodzi: mbali ya kumanzere yafooka. A Zuze ankapukusa mutu n'kudandaula za katundu wa masiku ano, kenaka ulendo ku Limbe kukatenga ena odula kuposa oyambawo. Chonsecho chingwe cha sipika yawo ya kumanzere chinali chachifupi, cholumikizalumikiza ndi selotepi, ndipo kugula chachitali ankati n'kuwononga. Choncho ku holo tebulo lawo linkakhala litatsamira sipikayo. Mahedifoni okwera mtengowo ankawavala khutu lakumanja lokha, monga amachitira anzawo pantchitoyo, lakumanzere ankalisiya pamtunda, ati kuti azimva mmene holo ikupumira.

Atabwera mahedifoni achisanu ndi chimodzi, akazi awo, mayi Ireen, amene amasoka madiresi a operekeza akwati, anaitana ankhoswe. Anthu akuluakulu anakwera minibasi kuchokera ku Bangwe kudzaweruza mlandu wa zovala m'makutu, manyazi ake. A Zuze analonjeza pamaso pawo kuti msomali wachisanu ndi chiwiri sudzakhomedwa.

Lonjezo linagwira miyezi isanu ndi itatu, ndipo tonse tinavutika nalo, chifukwa ankalilengeza ngati munthu wosiya mowa. Koma nthawi yomweyo dzina lawo linayamba kugwa. Pa ukwati wina ku Mandala anakweza nyimbo mpaka ana anatseka m'makutu. Pa wina wotsogolera mwambo anawaitana katatu kuti atsitse, iwo ali phee kugwedeza mutu, mpaka mkulu wina anachita kuwagwira paphewa. Anthu anayamba kunong'onezana kuti Zuze watha, ndipo makomiti a maukwati anayamba kuitana ena. Munthu amene wakhala akunyoza makutu a mzinda wonse sangapirire zotere. Iwo anadziwa pomwepo wolakwa, ati ndi mahedifoni akalewo, ndipo dzina lawo likanabwerera ndi atsopano.

Atsopanowo anali m'sitolo ya a Shukri mu Limbe, m'bokosi lakuda, kuseri kwa galasi. Poyamba a Zuze ankadutsa tsidya lina la msewu. Kenaka anayamba kudutsa pakhonde, maso kutsogolo ngati msilikali. Lachitatu lina analowa, ati kukangopereka moni.

A Shukri, amene anawagulitsa atatu mwa asanu ndi amodzi aja, anatulutsa bokosilo osafunsidwa. A Zuze anapukuta manja pa thalauza, anavala makutu onse awiri, n'kutsinzina. Anamwetulira ngati mkwati. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nyimbo itayamba, nkhope inagwa. Kumanja kunali bwino, gitala aliyense pamalo pake, koma kumanzere mawu ankamveka ngati akuchokera m'nyumba ya aneba. Anavula mokwiya n'kunena kuti ngakhale awa ndi achinyengo.

A Shukri anavala, anamvetsera, sanapeze vuto. Sanatsutse. Anangowatembenuza mahedifoniwo, mbali ya kumanja kupita kumanzere, n'kuwaveka a Zuze ndi manja awo. Nyimbo inayambanso. Kufookako sikunasamuke, kunatsala pomwepo, kumanzere.

“Achimwene, mukafuna ndikukulungirani, ine ndi wamalonda,” anatero a Shukri motsitsa mawu. “Koma khutu ndilibe m'sitolo muno. Pitani akakuoneni kuchipatala.”

A Zuze anatuluka chimanjamanja. Anayenda wapansi mpaka ku Kanjedza dzuwa lili pamutu, akutseka khutu ili, kutsegula linalo, ngati mwana wosewera. Akatseka lakumanja, Limbe yense ndi mahutala ake ndi oitanira ake ankapita kutali. Anachita mantha, mantha enieni.

Koma kudzitama sikufa tsiku limodzi. Pofika pakhomo anali atakonza kale nkhani. Anapeza mayi Ireen akupinda mpendero wa diresi pabalaza, anakhala pampando, n'kuyamba kulalikira kuti lero akumana ndi mayesero maso ndi maso, awagwira ndi manja, awavala, koma awasiya, pakuti mwamuna ndi mawu ake. Anadikira kuyamikiridwa. Anaona milomo ya mayiwo ikugwedera, koma sanamve kanthu. Mayi Ireen anaika diresi pansi, anazungulira kuseri kwa mpando, anakhala kudzanja lamanja la amuna awo, n'kubwereza kuti achita bwino.

Kuzungulirako a Zuze anakuzindikira. Anakhala akukuona nthawi yaitali osakuwerengera. Kutchalitchi mayiwo ankakhala kumanja. Mu minibasi ankawalowetsa iwo poyamba kapena pambuyo, malinga ndi mpando, kuti akhale kumanja. Ngakhale pabedi anasinthana malo, ati kuzenera kumazizira.

“Amake Vanessa, munadziwa liti?” anafunsa a Zuze.

“Chaka chimene mwana anakhoza mayeso,” anayankha mayi Ireen. “Anathamanga kuchokera kusukulu kudzakuuzani inu poyamba, ine ndisanamve. Anaima apa, kumanzere kwanu, ananena kawiri. Inu simunatembenuke, munkapukuta mahedifoni. Anakalirira kuseri kwa nyumba, ndiye inu n'kumukwiyira sabata yathunthu.”

Mayiwo anatola diresi lawo n'kupitiriza kusoka. A Zuze anayang'ana misomali isanu ndi umodzi ija. Vanessa atabwera kuchokera kusukulu anawapeza atakhala pakhonde, mpando atautembenuza kuti khutu lakumanja liloze kugeti.