Ndinabisa jombo za mdzukulu wanga

Inu owerenga, ine nkhalamba ndinachita kuba. Ndinabera mdzukulu wanga Tadala, mwana amene ndamulera ndekha kuno ku Duduza chimwalirireni mayi ake.

Ine ku Joni kuno ndakalambira m'nyumba ya madamu ku Alberton, kukolopa chogwada mpaka mawondo kumalira ngati chitseko. Mukudziwa mmene timachitira ife Amalawi: ukatopa, malo ako umasiyira wako. Ndiye ndinali nditawauza kale madamu kuti wobwera pambuyo panga ndi Tadala.

Koma mwana uja mtima unali kwina. Ankasesa pa fakitale ina ku Germiston, ndipo Loweruka lililonse ankapita kukaphunzira kuwotcherera zitsulo. Tsache linamukwana, ankafuna kukhala wedala. Anzanga akutchalitchi anandiuza kuti moto umenewo umapha maso, umaumitsa mimba, ndipo mkazi wa ovololo palibe angamufunsire. Ine wosapita kusukulu ndinameza zonse.

Tsiku la mayeso ake litafika ndinalawirira. Ndinatenga jombo zake zija zachitsulo kumapeto, ndinaziponya m'chikwama, ulendo pa takisi mpaka ku Alberton. Ndinakazibisa m'galaja ya madamu, ndikuimba nyimbo ya Mulungu, ndikuti ndapulumutsa mwana.

Iye anafuna, anafuna, napita ndi nsapato wamba. Pakhomo la kumayesoko anamubweza. Kumene kuli moto ndi zitsulo salowa wopanda jombo, ngakhale ulire bwanji. Anzake anayesedwa, iye anabwerera ku tsache, tsiku lina la mayeso lili kutali miyezi.

Nditafika madzulo ndinapeza waphika, madzi osamba atentha. Anandikhazika pansi n'kuyamba kundisisita mawondo ndi mankhwala monga mwa masiku onse, uku akuti mwina jombo zija atenga ndi MaDlamini, mayi woyandikana nafe, amene wakhala akutisungira kiyi zaka zonsezi. Apo ndiye ndinalephera. Ndinaulula.

Manja ake anaima. Anandiyang'ana, nati, "Agogo, ndiye cholowa mukufuna kundisiyira ndi mawondo awawa?"

Sanatukwane, mwana woleredwa uja. Koma nyumba inazizira masabata. Moni ankandipatsa, chakudya ankandipatsa, kuseka kokha anakutsekera. Ine jombo ndinabweza, ndinakagwada kwa madamu kuti afune wina, ndinayamba kumamufunsa Tadala kuti chisoti chake chowotcherera chagalasi lakuda chija chimagwira ntchito yanji. Anandiveka. Eish, mdima wokhawokha! Ndinakuwa kuti ndafa maso, iye anaseka mpaka kugwira khoma. Kunali kubwerera kwa mwana wanga kumeneko.

Tsiku lina la mayeso lija litafika ndinazipaka polishi jombo zija mpaka kumadzionerapo.

"Agogo, ndikupita kukawotcherera, sindikupita ku ukwati!"

"Pita iwe, akadziwe kuti uli ndi kwanu."

Anakhoza, anthu inu, anakhoza! Ndinalulutira msewu wonse, MaDlamini akuvina nane osadziwa kuti anatsala pang'ono kutchedwa mbava. Pa fakitale pomwe paja anamuchotsa pa tsache n'kumupatsa moto wake, ndipo pano akuphunziranso za mapaipi. Maso ali phee, amaona ndi shuga yemwe ndabisa.

Ndiye anzanga olera ana kuno ku Joni, mwana akati ndikufuna kuwonjezera sukulu, musamutsekere njira ndi mantha a pa benchi ya tchalitchi. Pitani mukafunse amene akumuphunzitsa. Miyezi imene ndinamudyera Tadala sindingamubwezere, ndipo ndikaikumbuka chakudya chimandiwawa.

Mukadutsa kwathu mudzaona geti latsopano, lokhala ndi chogwirira chapansi choti ndizitsamira. Pamwamba Tadala anawotchererapo zilembo zisanu. Anandigwira chala n'kundiyendetsa chimodzichimodzi mpaka ndinawerenga ndekha, mawu oyamba kuwerenga chibadwire changa: AGOGO.