Mpendero wa Diresi Langa la Idi

Fungo la simbi ya makala ikamatsetsereka pa nsalu yatsopano limandibweza pa khonde la ababa ku Manjawira mpaka lero. Pakhondepo panali makina osokera, benchi limodzi logwedera ndi chingwe chopachikapo zovala zomwe zatha. Malole ankadutsa pa msewu waukulu n'kutisiyira fumbi m'mano, ndipo pansi pa makina pankadzaza tizidutswa ta nsalu tonunkha oyilo. Chaka chimene ndikukumbukachi mwezi wa Ramazani unagwa m'nyengo yotentha, dzuwa likuswa mtengo, mango asanayambe kupsa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkasala kudya mpaka masana okha, koma ndinkayenda ndi nkhope ya munthu amene wasala chaka chathunthu.

Mwana wa telala amavala zotsala. Madiresi anga onse anali olumikiza, kutsogolo chitenje cha mayi uje, kumbuyo yunifolomu ya mwana wa uje, mwakuti anzanga ankandiseka kuti ndavala mudzi wonse. Ndiye chaka chimenecho amayi anagulitsa tomato wawo wa kudimba n'kundigulira nsalu yangayanga, yobiriwira ya timaluwa toyera, kuti ndidzavale pa Idi, tsiku lachikondwerero lotsekera kusala. Abale inu, ndinkaitulutsa m'sutikesi katatu pa tsiku kuti ndingoinunkhiza. Ababa anandiyeza ndi tepi, n'kulemba nsaluyo ndi choko, kenako anaiika pansi penipeni pa mulu wa nsalu za makasitomala. Anati ziyambe zatha za eni ake. Ndinauyang'ana muluwo ndipo ndinaona kuti masiku akwana, bola makina asamaime.

Amene ankaimitsa makinawo anali amalume Che Sumani, achimwene awo a amayi. Ankakonza mawotchi ndi mawailesi pa katebulo kutsidya kwa msewu. Akachoka ku mzikiti dzuwa litapendeka, nthawi imene ludzu limafika pakhosi penipeni, ankawoloka msewu n'kudzakhala pa benchi lathu. Ali mnyamata anaphunzira kwa shehe wina wokalamba ku Mangochi, ndipo anabwerako ndi funso limodzi limene silinawachoke m'mutu. Ankati akatswiri akale a Chisilamu ankatsutsana ngati chilengedwe chinachita kuyamba kapena chakhala chilipo. Amalumewo ankakondera amene ankati Mulungu sanakhalepo manja lende. Ngati ali Mlengi kuyambira kalekale, ndiye kuti kulenga kwake kulibe tsiku loyamba, monga dzuwa silikhala popanda kuwala.

Ababa akamva zimenezo ankachotsa phazi pa chopondera n'kukankhira mzuli wawo kunkhongo. Ankati wamuyaya ndi mmodzi yekha, zina zonse zinayamba pamene Iye anafuna, ndipo pa tsiku la Kiyama, lachiweruzo, zidzapindidwa ngati nsalu. Amalume ankafunsa kuti nanga Mulungu ankatani asanalenge. Ababa ankati funsolo n'lopanda mutu, chifukwa nthawi nayonso anachita kuilenga. Amalume ankaseka n'kufunsa kuti nanga Paradaiso bwanji, poti inachita kuyamba koma sidzatha. Ababa ankati mwini ulusi akafuna kuti usathe, suthadi. Mawu ankakwera, alamu apa, alamu apo, mpaka azimayi ogulitsa zitumbuwa pafupi nafe ankasiya kuitana makasitomala n'kumamvetsera.

Ine ndinkangoyang'ana singano itaima m'kati mwa mkanjo wa munthu. Ndinene zoona, mwezi umenewo amalume ndinawada. Tsiku lina ndinawanamiza kuti kutebulo kwawo kuli munthu akuwadikira ndi wailesi, bodza la m'mwezi wosala, Mulungu andikhululukire. Iwo anangoti adikire, wailesi siwola. Ndikakadandaula kwa amayi ndinkawapeza akusenda chinangwa cha futali, nsinjiro zili pambali, ndipo ankangoseka. Ankati ndiwasiye, ndi njala ikuyankhula, mwazini woitanira mapemphero ku mzikiti akangoitana, onse awiri agwirizana pa mbale imodzi. Zinkaterodi. Dzuwa likalowa ankamwa madzi, n'kumapatsirana futali ngati sanatsutsanepo, koma diresi langa linali likadali nsalu.

Pa tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi awiri la kusala, mulu uja unatha. Ababa anadula nsalu yanga, ndipo kulira kwa sizasi tsiku limenelo kunandikomera kuposa nyimbo. Pofika masana diresi linali litaima pa chingwe, manja otukuka, lamba womanga kumbuyo. Panangotsala mpendero, kupinda m'munsi kuti nsalu isayoyoke. Pompo amalume anatulukira. Analinyamula diresilo, n'kuyendetsa chala m'munsi mwake mozungulira, n'kunena kuti onani alamu, chinthu chozungulira chilibe poyambira.

Kumeneko kunali kuputa mavu. Ababa anati asoka mpenderowo pamanja, abisa mfundo yoyambira, ndipo amalume saipeza, koma kusaipeza kwawo sikudzatanthauza kuti palibe. Anasoka atatembenukira kukhoma, timisoko tating'onoting'ono tokongola kwabasi. Amalume anafufuza, anafufuza, n'kunena kuti palibe mfundo. Ababa anatenga sizasi, n'kutsegula mpendero kuti awaonetse, ndipo ulusi wonse unasololoka. Amalume anati aa, mfundo imeneyo mwaimanga pompano. Mwazini anaitana, diresi linagona lopanda mpendero.

Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi. M'munsi mwa diresi munayamba kuoneka timabowo ta singano, ndipo nsalu inayamba kutulutsa tiulusi. Ndinalira kuseri kwa sitolo mpaka mamina. Tsiku lotsatiralo linali la makumi awiri ndi asanu ndi anayi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwezi ukangooneka madzulo amenewo, mawa ndi Idi. Anzanga anali atasita kale zovala zawo. Ine ndinadziona ndikupita ku swala, mapemphero a Idi, nditavalanso mudzi wonse.

Madzulo a tsikulo ababa anasoka kachitatu. Ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo ya makina, maso ali pa sizasi. Atangoluma ulusi womaliza, amalume anatambasula dzanja, ababa nawo akufikira sizasi. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinalitsomphola diresilo, n'kulivala pamwamba pa lakale lija, n'kuima pakati pawo.

"Ababa, kaya dziko lidzatha kaya silidzatha, ine sindikudziwa," ndinatero. "Koma diresi langali latha."

Mwana sayankhula chotero kwa akuluakulu, ndipo ndinadikira khofi. Koma amalume anaseka mpaka benchi linatsala pang'ono kuwagwetsa, ababa anavula mzuli n'kupukutira misozi, azimayi a zitumbuwa aja akuimba nthungululu. Amalume atapuma anati chabwino, silivulidwa, koma awalole afufuze ndili chivalire. Anagwada pansi, n'kugwira mpendero, n'kumandizunguza pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi. Chala chawo chachikulu chinkayenda pa msoko. Chitafika cha ku bondo lamanzere chinaima. Chinaima kanthawi ndithu, mpaka ndinamva kutentha kwake. Kenako chinapitirira.

"Sindikuipeza, alamu," anatero amalume.

"Ilipo," anatero ababa, ndipo anaika sizasi m'dilowa.

Mwezi unaonekadi madzulo omwewo, kakang'ono ngati chikhadabo, pamwamba pa mapiri a kumadzulo. Ana tinathamanga msika wonse tikukuwa. M'mawa mwake nyumba inadzaza fungo la mpunga wa ku Bwanje, anyezi ndi nkhuku, amayi akugawira mbale zina zopita kwa anansi athu Achikhristu monga tinkachitira chaka chilichonse. Ababa anandisitira diresi okha, akuuzira makala a m'simbi. Nditavala anandiitana, n'kupinda mpendero cha ku bondo lamanzere. Kamfundo kanali pomwepo, kobisika pansi pa msoko wa m'mbali.

"Waiona? Usakawauze amalume ako," anatero.

Ndinafunsa chifukwa chake, poti akanawauza akanapambana. Iwo anangoti ndifulumire, tichedwa ku swala. Tsiku limenelo ndinayenda Manjawira yense, kukwera ndi kutsika, kuti pasakhale munthu wodandaula kuti sanandione. Anzanga aja anagwira timaluwa toyera n'kufunsa kuti ndi nsalu yotsala ya ndani. Ndinawauza kuti ndi yanga, yonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndine ndinathetsa mkangano uja, kuti ababa ananena zoona ndipo amalume analephera. Nditakula ndinamva kuti anthu ophunzira kwambiri anatsutsana pa funso lomweli zaka mazanamazana, choncho silikanathera pa diresi la mwana. Ndinakumbukiranso chala chija. Munthu amene ankatola kasikuluwu ka wotchi kochepa ngati njere ya mawere sakanalephera mfundo ya telala. Anaigwira, n'kuisiya, kuti diresi langa lipulumuke komanso kuti mawa adzakhale ndi chowolokera msewu. Ababa nawo, amene ankalimbikira kuti chilichonse chili ndi mathero, sanafune kuti ichi chokha chithe. Onse awiri alipo, mitu ili mbuu, ndipo Ramazani ikafika amakhalabe pa benchi lomwelo, alamu apa, alamu apo. Za mfundo ija sindinawauzebe amalume, ndipo iwo sanandifunsepo.