Kamwala ka a Julião

A Julião anali munthu wosatha kusunga zimene akudziwa. Ukawafunsa ngati mvula igwa, ankayambira kumene mitambo imachokera, mpaka kachewere wako kupserera pamoto. Anali alamu anga, ndipo sindibisa, ankanditopetsa.

Ankaphunzitsa ku Ntengo-Wambalame. Chuma chawo chinali kamwala kakuda kokwana m'dzanja, kamene padiri wina, wansembe wa ku mishoni, anabwera nako kuchokera ku Ulaya. Pakamwalapo panaumira kachilombo kotchedwa tirilobita: mutu ngati khasu, thupi logawika patatu m'litali, nthiti zondondozana. Ankati kankakwawa pansi pa nyanja kusanakhale munthu, kankafundula chigoba ngati nkhanu, ndipo kakaopsedwa kankadzipinda ngati bongololo. Ana ankaikonda nkhaniyi. Ife akulu tinaimva mpaka makutu kuwawa.

Nkhondo itafika, uphunzitsi unasanduka mlandu wophetsa. Sukulu inatenthedwa. Tinathawira ku Chidzolomondo, kumene anthu sankawadziwa, n'kumalima fodya m'minda ya eni. Mabuku anakwirira, choko anataya, koma kamwala anakakamira. Mkulu wanga Zefa, mkazi wawo, atatopa n'kulankhula, anangokaika mosambira n'kumakwechera zidendene kuti kaoneke ngati mwala wamba. Nthiti zija zinkachotsa litsiro bwino ndithu.

Tsiku lina masana anthu a mfuti anabwera kudzafuna ufa ndi nkhuku. Anatikhazika padzuwa. Mmodzi, wa ming'alu m'mapazi, anatuluka mosambira kamwala kali m'manja. Sanaoneke waukali, ankangofuna kudziwa basi. Anakatembenuzatembenuza, n'kufunsa ngati n'chithumwa kapena nsabwe ya njovu. Anzake anaseka.

Kenako anaima pamaso pa a Julião.

"Madala, ichi n'chiyani? Chili ndi maso."

Ndinaona a Julião akutsegula pakamwa. Zaka zonse zija panalibe munthu wamkulu amene anawafunsapo mofunadi kumva. Ndinachita mantha, ndipo nthawi yomweyo ndinadana nawo, poti ndinkadziwa kuti akangoyamba kufotokoza, adziwika kuti ndi mphunzitsi, tonse tithere pomwepo.

"Kaya, mwanangu," anatero a Julião. "Ine kusukulu sindinapiteko."

Munthuyo anakaponya m'fumbi n'kupita kukathamangitsa nkhuku. Tinapulumuka, koma palibe amene anakondwa. Kamwalako kanakhala pomwepo pabwalo mpaka mvula inagwa, ndipo a Julião ankangokalambalala popita kumunda.